Kaperi wa pa Nsanja ya Alonda

Zikwi zisanu ndi ziwiri. Ndiko kuchuluka kwa timibulu ta kaperi, tokometsera chakudya, tofunika kuti sikelo iwerenge kilo imodzi, ngati tili tating'ono tija ogula a kumpoto amalimbirana, tosaposa njere ya mphodza. Kilo yoteroyo ikagona mumchere masiku makumi anayi imagulidwa mayuro makumi awiri ndi asanu. Timibulu tikakula ngati nsawawa mtengo umatsika ndi theka. Tikangomasula n'kukhala duwa, loyera la ndevu zofiirira, lokongola moti mlendo amaimitsa galimoto kuti alijambule, ndiye kuti ndalama yauluka, pakuti duwa la kaperi palibe amaligula. N'chifukwa chake kuno ku Salento wothyola kaperi amalawirira m'mamawa kukapikisana ndi maluwa ake omwe.

Cesaria amazidziwa nambala zimenezi ngati dzina lake. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, amagulitsa kaperi wa m'timabotolo pa misika itatu ya sabata, wina n'kumatumiza pa positi ku Milano ndi ku Torino. Koma nkhani ino ndi ya bambo ake, a Ippazio, omwe mudzi wonse umawatchula kuti Mesciu Pati. Mesciu ndi ulemu umene timapatsa mmisiri, ndipo a Pati ndi mmisiri wa makoma a miyala yosanjikiza, opanda matope, opanda simenti. Anayamba kunyamulira miyala amalume awo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Atakwanitsa khumi ndi zisanu ndi zinayi anakwera sitima ya ku Switzerland, monga ankachitira anyamata onse a nthawiyo, ndipo kumeneko anamanga nyumba za eni ake zaka makumi awiri ndi ziwiri, kufikira tsiku lomwe thabwa linawapulumuka pa nyumba yosanja n'kugwa. Anabwerera kwawo ndi chitsulo m'chiuno komanso ndalama zokwanira kugula munda wa mitengo ya azitona zana ndi makumi anayi. Chigwereni, sanapondenso makwerero ngakhale okolekera babu m'nyumba. Makoma a m'minda ankamangabe, chifukwa amenewo amalekezera pachifuwa. Kenaka inabwera nthenda ija inaumitsa azitona m'dziko lonse lino, ndipo ya a Pati inauma yonse, zana ndi makumi anayi, m'zaka zinayi zokha.

Loweruka lomaliza la Ogasiti, kum'mawa kukuyera, awiriwa anasiya galimoto pomwe msewu umathera n'kuyamba kukwera wapansi kulowera ku nsanja yakale ya alonda.

Chomwe ankakachita kumeneko n'ichi. Pa khoma la nsanjayo, mbali yoyang'ana kumtunda, pali chitsamba chimodzi cha kaperi chosiyana ndi zinzake zonse za m'mbali mwa nyanja. Chimayamba kubereka zinzake zikadali ndi masabata atatu ogona, ndipo timibulu take n'tolimba, sitiphwanyika mumchere. Mabotolo omwe Cesaria amalemba kuti "wa pa nsanja" amatha msika usanatenthe. Tsono boma linapeza ndalama zokonzera nsanjayo, chikwangwani n'kuima pa mphambano: ntchito iyamba Lolemba, zomera zonse za pakhoma zichotsedwa, ming'alu yonse imatidwa ndi laimu. Cesaria anali atayesapo kale kudula nthambi makumi asanu ndi limodzi n'kuzibzala, koma sipanaphuke ndi imodzi yomwe. Njira yotsala inali ya njere. Koma njere zimakhala m'chipatso, chipatso chimachokera ku duwa, ndipo duwa ndi lomwe Cesaria anakhala chilimwe chonse akulipira anthu kuti lisaoneke.

"Fulumirani, Tata. Ndi makilomita atatu okha, koma mmene mukuyenderamu tikafika Lolemba pamodzi ndi amisiriwo."

"Mwendo uwu ndi wa ku Switzerland," a Pati anayankha osatukula mutu. "Suchedwa, sufulumira. Umafika pa nthawi yake."

Kumtunda kuno ndi thanthwe lokhalokha, mwala woyera wa laimu wobowokabowoka ngati buledi, dothi lofiira lili m'timaenje basi, lodzaza chikhatho chimodzi. Mvula ikagwa siigona, imalowa m'ming'alu n'kukatulukira kunyanja. Munthu woyenda mothamanga amati palibe chimamerapo. A Pati sankayenda mothamanga, ndipo mwina n'chifukwa chake ankadziwa chomera chilichonse cha m'njirayo. Anawerama n'kufikisa m'manja kachitsamba kofika m'kakolo, kouma ngati tsache, n'kumununkhizitsa mwana wawo.

"Tumu wokometsera ndiwo, ndikumudziwa," anatero Cesaria. "Magalamu makumi atatu, mayuro awiri."

"Ndakufunsa mtengo ine? Taona masamba akewa. N'chifukwa chiyani ali ang'ono chonchi?"

"Kuti asalemere pa positi."

"Kuti dzuwa lisowe poluma. Chilichonse cha kuno chinaphunzira kumwa pang'ono. Wosaphunzira ndiwe wekha ndi mapaipi ako aja."

Kwa Cesaria nkhani ya mapaipi inali bala losapola. Chaka chathachi anazula zitsa za azitona pa ngodya ina ya munda, n'kugula mbande za kaperi mazana anayi, n'kuzibzala m'mizere yowongoka pa dothi lakuya, manyowa pansi, paipi yodontheza madzi pamwamba. Anali atawerengera kale makilo a chaka chachitatu. Mbande zinavunda mizu. Zinatsala makumi atatu ndi imodzi, ndipo zonsezo zinali za kumapeto, pa miyala, komwe paipi sinkafika. A Pati sanamunyoze nthawi imeneyo. Ankangoikumbukira nkhaniyo kawiri pa sabata.

Anadutsa pakati pa zitsamba zofika m'chiuno, zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, nthambi zofiira zili gwa ngati nyanga.

"Izi ndiye zinapita," anatero Cesaria. "Nthenda ya azitona ija yafika kuno?"

A Pati anathyola kanthambi, ndipo pothyokapo panatuluka dontho loyera ngati mkaka. "Usakhudze, n'choyabwa. Chili moyo ichi. Zinzake zimayoyola masamba kukazizira, icho chimayoyola kukatentha. Chimadziphetsa dala mpaka mvula yoyamba. Mitengo yanga ikanakhala ndi nzeru zimenezi bwenzi lero ndili bwana, iwe uli wantchito wanga."

"Bwenzi mukundilipira mochedwa."

"Bwenzi ndikukulipira ndi mafuta."

Patsogolo pang'ono, m'mphepete mwa khoma lakugwa, munali mzere wa mapesi aatali a maluwa oyera, otuluka m'nthaka youma popanda tsamba. Pansi pa phesi lililonse pamakhala chianyezi chachikulu ngati mutu wa mwana. A Pati anaima n'kuwerenga ndi maso. Akale ankabzala zianyezi zimenezi m'malire a minda, chifukwa mwala wa malire munthu amausuntha usiku umodzi, koma chianyezichi chimawotcha manja a wochikumba, ndipo chaka chilichonse chimatulutsa duwa kuloza pomwe chilungamo chili. Eni minda imeneyi anamwalira kalekale, ana awo ali ku Germany, koma malire akadali kuphuka.

"Zatulukiratu," anatero a Pati. "Mvula siichedwa chaka chino."

Mawu amenewa anawalankhula motsitsa, ndipo Cesaria anadziwa kuti maganizo awo sali pa maluwa. Pa chikwangwani cha pa mphambano chija panalembedwa dzina la kapitawo wa ntchitoyo, Brizio. Brizio anabwera kwa a Pati ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, osadziwa ndi kogwirira nyundo komwe, ndipo anakhala nawo zaka zisanu ndi zitatu. Anali ndi diso. Ankati akayang'ana mpata pakhoma, n'kuyang'ana mulu wa miyala, dzanja limapita lokha pa mwala woyenera. Tsiku lina, akumangira khoma mlendo wa kumpoto yemwe ankafuna zachangu, Brizio anabisa simenti m'kati mwa khomalo, kunja n'kusanja bwinobwino ngati kuti mulibe kanthu. A Pati atazindikira sananene zambiri. Anangoti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, n'kutenga mgwala, n'kugumula mamita khumi ndi awiri pamaso pa mwini nyumba, mkazi wake ndi aganyu onse. Brizio anatola jekete lake n'kumapita. Papita zaka khumi ndi zisanu, ndipo moni wawo ndi wa pamaliro basi.

"Tata, tikamupeza kumeneko, tikangopempha nthawi yothyola zipatso. Musakayambe zina."

"Zina ziti?"

"Zomwe mwakhala mukuyeserera kubafa sabata yonseyi. Khoma la kubafa ndi lopyapyala, si inu munamanga."

A Pati anatafuna njere zonunkhira za fenelo wa m'tchire zomwe anapulula m'njira. Zoonadi anali ndi mawu okonzeka, ndipo anali mawu abwino. Ankafuna kukamuuza Brizio kuti chitsambacho chakhala pakhomapo zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, nsanja osagwa. Kuti anthu a mapepala sadziwa kusiyanitsa udzu ndi chakudya. Kuti munthu wobisa simenti m'khoma alibe pakamwa pouzira anzake chomwe chimawononga miyala. Chitsambacho sichidulidwa, atero, ndipo wofuna kuchidula ayambe wadula Pati.

Njira inakhotera ku phompho, mphepo ya kunyanja n'kuwawomba kumaso. M'ming'alu ya thanthwe munali timaluwa tobiriwira motuwa, tooneka ngati timabelu, tomwe timadikira kuti zonse ziume ndiye tiphuke. Kutsidya kwa madzi mapiri a ku Albania ankaoneka bwinobwino, monga amachitira mphepo ikachokera kumpoto. Ndipo nsanja inali pomwepo, yozungulira, yonenepa m'munsi, mutu wake wogumuka mbali imodzi. Zaka mazana asanu zapitazo pamwamba pake pankakhala amuna awiri oyang'anira zombo za achifwamba. Akaona matanga ankafukiza utsi, nsanja yotsatira n'kufukizanso, uthenga n'kufika kumidzi anthu akadali ndi nthawi yothawa.

Pansi pa nsanjayo panali galimoto yonyamula katundu, yomwe inadzera njira ya m'munda wa eni ake, ndipo mwamuna wa mapewa aakulu, imvi zitayamba m'mbali, ankayeza pansi ndi tepi. Atawaona anaimirira, tepi n'kubwerera yokha m'chikho chake.

"Mesciu."

"Brizio."

"Mwabwera ndi mgwala, kapena lero mwangobwera kudzayenda?"

"Ndabwera ndi mwana wanga. Ameneyu amagumula kuposa mgwala."

Anatero akuyang'ana chitsamba. Tsinde lake linali m'mwamba, mamita asanu ndi limodzi kuchokera pansi, lonenepa ngati ntchafu, nthambi zikulendewera ngati tsitsi. Koma kuyambira pomwe dzanja limafika, mpaka pomwe ngowe ya othyola imafika, nthambizo zinali zopululidwa, nsonga zothyokathyoka. Panalibe duwa, panalibe chipatso. Mwambo wa othyola akale unali wosiya nthambi imodzi pa khumi zilizonse kuti ichite maluwa. Cesaria ankagula pa kilo, ndipo wogulitsa pa kilo sawerenga nthambi.

"Ndinawauza kuti tating'ono tokha," Cesaria anatero chapansipansi. "Sindinawauze kuti asiyeko."

A Pati anali akuyang'ana kwina. Maso awo anali atachoka pa nthambi, ali pa khoma. Kuchokera pa tsinde lija kutsika mpaka pansi panali mng'alu wokhotakhota wotsata mizere ya miyala. Ankaudziwa mng'aluwo. Pa Pasaka wa chaka chatha munkalowa zala ziwiri. Anayandikira n'kulowetsa dzanja, ndipo linalowa lonse mpaka pa wotchi. M'katimo anakhudza muzu, wolimba ngati chingwe cha sitima. Anabwerera m'mbuyo, n'kutsamira tsaya pa khoma kuyang'ana chokweza, monga amachitira mmisiri pofuna kuona ngati khoma lili chilili. Silinali chilili. Pansi pa tsinde miyala inali itatupa ngati mimba. Anatola mwala n'kugogoda apa ndi apo, akumvetsera. Mbali ina inkayankha mwamphamvu. Mbali inayo inkalira ngati mtsuko wopanda madzi.

Mawu aja a kubafa anali pakhosi, onse, m'ndondomeko yake. Koma dzanja linali litamva kale zomwe linamva, ndipo a Pati pa moyo wawo wonse sanatsutsanepo ndi dzanja lawo.

"Chiyenera kuchoka," anatero.

Brizio, yemwe anali atapinda manja kudikira nkhondo, anawayang'ana ngati sanamve. "Mwati bwanji?"

"Wagontha? Ndati chiyenera kuchoka. Dzinja limodzi, mwina awiri, mbali yonseyi ikhala pansi. Amene anakuuza kuti uchidule sananame."

"Palibe anandiuza. Ndinawauza ndine."

"Ndiye kuti china chake unatolako kwa ine."

Cesaria anaona kuti mpata ndi womwewu. "Achimwene a Brizio, tibwerekeni makwerero anuwo. Pamwamba penipeni ngowe sinkafika."

Brizio anatsitsa makwerero pa galimoto n'kuwaimika pambali pa mng'alu, pomwe a Pati analoza, ndipo amuna awiriwo anawagwira wina uku wina uku, osayang'anana. Cesaria anakwera mpaka mutu wake unalowa m'masamba. Abuluzi awiri anathawira m'ming'alu.

"Zilipo," anafuula. Kenaka anayamba kuwerenga. "Khumi ndi chimodzi. Ayi, dikirani. Ziwiri zang'ambika kale, m'kati mulibe kanthu, abuluzi ndi nyerere anamaliza. Zisanu ndi zinayi, zaziwisi, zazikulu ngati chala changa chachikulu. Ndithyole?"

"Usayerekeze. Finya chimodzi pang'ono. Chikuti bwanji?"

"Chili gwa."

"Ukathyola lero njere zake n'zoyera, zakufa. Zikufuna masiku khumi. Tsika utenge izi."

Anatulutsa m'thumba la jekete mpukutu wa masokosi aatali a nayiloni, odulidwa m'zidutswa, ndi ulusi. Brizio anaseka koyamba.

"Amayi akudziwa kuti masokosi awo a kutchalitchi ali kuno?"

"Adziwa mawa. Iwe gwira makwerero."

Cesaria anaveka chipatso chilichonse kathumba n'kumanga kukhosi, kuti chikang'ambika njere zigwere momwemo, buluzi angonunkhiza. Ali m'mwambamo, pansi Brizio anayamba kulankhula.

"Masiku khumi ndilibe, Mesciu. Pepala likuti tiyambire mbali ino, chifukwa ndi yomwe ikudwala. Lolemba timanga zitsulo zokwererapo, Lachiwiri tidula. Mvula ikandipeza mng'alu uli yasa, madzi alowa, ndipo dzina lolembedwa pa chikwangwani ndi langa, si lanu."

"Ndikudziwa. Zianyezi zaphuka kale."

"Ndiye mukuona."

"Uli ndi mitanda? Iwiri ya mamita anayi. Umodzi apa, wina apo, thabwa lopingasa pamimbapa, mng'alu uutseke ndi masaka ndi pulasitiki. Chigwira mpaka Okutobala. Iwe uyambire mbali ya kunyanja, nayonso ikufuna laimu."

"Mukundiphunzitsabe?"

"Ayi. Ndikupempha."

Liwu limeneli silinkatuluka kawirikawiri pakamwa pa a Pati, ndipo linatuluka ngati mwala wokakamira. Brizio anayang'ana kunyanja. Kenaka anafunsa chomwe chinkamuvuta chiyambire kuyeza nsanjayo: chitsamba chinafika bwanji pamwamba chonchi, pomwe munthu sangafike?

"Amayi anga," anatero a Pati. "Malemu Abbondanza. Ali ndi pakati pa ine. Unkadziwa kuti njere ya kaperi ukaiika m'dothi labwino imakunyoza? Imafuna mng'alu. Tsono umatenga nkhuyu yakupsa, kuing'amba, kuikamo njere zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuitseka, n'kuikankhira m'khoma. Nkhuyu ija imasunga chinyezi, ikamavunda n'kukhala chakudya. Amayi ankachita zimenezi khoma lililonse lomwe adutsa, ngati munthu wopereka moni. Apa analumikiza mabango awiri, nkhuyu kunsonga, n'kukankhira mmwamba momwe akanathera, kuti mbuzi zisafike. Bambo anga anawakalipira kuti mkazi wapakati satukula manja chotero."

"Ndiye nsanja anaiphwanya ndi amayi anu."

"Ndi nkhuyu imodzi. Achifwamba analephera zaka mazana asanu."

Brizio anapukusa mutu, kumwetulira kukumuvuta kubisa. A Pati anayang'ana nsapato zawo.

"Khoma lija la mlendo," anatero. "Ndikanatha kukuitanira pambali."

"Simenti inalimo."

"Inalimo. Koma pambali panaliponso."

Mphepo inkagwedeza makwerero pang'ono, ndipo onse awiri analimbitsa manja. Cesaria atamanga kathumba komaliza, Brizio anatembenukira kwa a Pati.

"Masiku khumi," anatero. "Lachiwiri la sabata inayo. Zipse zisapse, Lachitatu ndidula. Ndikalankhula ndi mayi woyang'anira mapulani a ntchitoyi, ndimuuza kuti laimu wa mbali ino wachedwa. Koma pali mawu amodzi. Muzu umenewu suchoka ndi macheka. Pafunika kuchotsa miyala umodziumodzi, kuilemba manambala, kutsata muzu mpaka komwe wathera, n'kubwezeretsa uliwonse pamalo pake. Ndawerenga, ndi miyala makumi awiri ndi iwiri. Anyamata anga ndi a makina, akaigwira aiswa. Ine ndili ndi nsanja yonse yoyang'anira. Mudzachotse ndinu."

Cesaria, yemwe anali atatsika mpaka pakati, anaima. "Tata sakwera, achimwene. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa iwowo."

A Pati anakweza maso. Mamita asanu ndi limodzi si kanthu kwa munthu yemwe anagwirapo ntchito pamwamba pa nyumba zosanja kasanu ndi kawiri, koma chiuno chinayamba kuwawa pongoyang'ana. Anaganiza za mnyamata wa makina akulowetsa chitsulo pomwe amayi awo analowetsa nkhuyu. Anaganizanso za miyala makumi awiri ndi iwiri yosemedwa ndi munthu yemwe dzina lake palibe akulidziwa, yomwe yadikira zaka zonsezi kuti wina aigwire bwino.

"Zitsulo zakozo, poponda pamakhala matabwa angati?"

"Atatu, ndi chogwirira kumbuyo."

"Uikepo anayi."

"Anayi."

"Ndipo pokwerera pakhale masitepe, osati zolendewera ngati za anyani."

"Ndikuikiraninso mpando ndi khofi?"

"Khofi ndibweretsa ndekha. Wako ndimamukumbuka."

Pobwerera dzuwa linali litakwera, thanthwe likuthobwa m'maso, fungo la tumu lili ponseponse. Cesaria ankayenda patsogolo, milomo ikugwedezeka.

"Zisanu ndi zinayi, chilichonse njere zana ndi theka. Chikwi chimodzi ndi mazana atatu ndi makumi asanu. Tata, zimenezi ndi munda wathunthu."

"Pa zana zimamera zisanu."

"Chabwino, makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Theka lake lidzatengera abambo awo osadziwika, timibulu tofewa. Theka ndi lomwe lidzafanane ndi make."

"Makumi atatu ndi zitatu. Chimodzi chimatipatsa makilo anayi pa chaka. Kuchulukitsa ndi makumi atatu ndi zitatu..."

"Pakatha zaka zinayi. Mwina zisanu. Ndipo sitinakolole ndi njere imodzi yomwe, mphepo itha kuthyola nthambi mawa lomwe."

"Zaka zinayi si kanthu, ndidzakhala ndi makumi atatu ndi chimodzi. Ndigula mathireyi a mbande, aja a timabowo."

A Pati anaima. "Ukagula mathireyi ndikakwatira kwina."

"Amayi akuthandizani kulongedza, akaona masokosi awo. Nanga tibzala pati?"

A Pati analoza ndi chibwano kumunsi, komwe makoma oyera ankadutsana m'minda ya mitengo youma mpaka kukafika ku manda a mudzi. Ambiri mwa makoma amenewo anamanga ndi iwo, ndipo mwa onsewo munalibe simenti yotseka njira ya muzu. Khoma la m'munda silili ngati nsanja, anatero, ndi lalifupi, limapuma, muzu umadutsa n'kukalowa pansi osakankha kanthu. Pafunika ming'alu yoyang'ana kotulukira dzuwa, yofika m'chiuno, yakuya mpaka pa chigongono. Njere zisanu ndi imodzi pa nkhuyu iliyonse.

"Ndiye nkhuyu mazana awiri ndi makumi awiri ndi zisanu," anatero Cesaria asanamalize. "Ming'alu chimodzimodzi. Mkuyu wa kuseri kwa nyumba ukwanitsa, ndikauza amayi asiye kuyanika. Khoma lathu lili ndi mamita mazana atatu, silikwana lokha. Tifunika kupemphanso makoma a aneba athu, a Donata ndi ana a malemu Oronzo."

"A Donata ukapemphe ndiwe. Ine anandikwiyira za mbuzi."

"Ndi ndani m'mudzi muno yemwe simunakangane naye?"

"Wansembe watsopano. Wangokhala miyezi iwiri."

Anagwirizana asanafike pa galimoto. Mawa Misa ikatha ayambira pa khoma la munda wawo, a Pati kulowetsa dzanja, Cesaria kulemba ndi choko mng'alu uliwonse womwe wavomerezedwa, ndipo madzulo Cesaria apita kwa a Donata ndi botolo limodzi la wa pa nsanja. Lolemba nthawi ya seveni a Pati akakhala ali ku nsanja kukaimika mitanda iwiri ija.